Wozolowera Dzanja: Chiyambi ndi Chibadwa cha Agalu a Mtundu wa Mastiff

M'nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya British Museum ku London muli zidole zisanu zadongo zooneka ngati agalu, zazing'ono zoti chimodzi chingakwane m'chikhatho. Zidolezi zinafukulidwa ku Nineveh, m'mabwinja a nyumba yachifumu ya Ashurbanipal, mfumu ya Asuri imene inalowa ufumu m'chaka cha 669 Khristu asanabadwe. Amene anaziumba anazibisa pafupi ndi khomo ngati mankhwala otsirikira nyumba, ndipo chilichonse anachilemba dzina pathupi. Dzina la china likutanthauza woluma mdani, la china wopirikitsa zoipa, pamene la chinanso ndi lamulo loti chilume chisanayambe n'kuganiza komwe. Pa zipupa za nyumba yomweyo panali zithunzi zosema pamwala zoonetsa anyamata a mfumu akupita ku uzimba atagwira zingwe za agalu amitu ikuluikulu ndi zifuwa zotambalala. Munthu aliyense wodziwa agalu akaona zithunzizi amangoti awa ndi agalu a mtundu wa mastiff, ndipo vuto la mbiri yonse ya agaluwa limayambira pomwepo, popeza kufanana nkhope si umboni wokwanira wa chibale.

Dzina loti mastiff palokha ndi lodabwitsa. Linalowa m'Chingerezi kuchokera ku liwu la Chifalansa chakale loti mastin, lomwe gwero lake ndi liwu la Chilatini loti mansuetus, kutanthauza choweta kapena chozolowera dzanja la munthu. Galu amene mbiri yake yadzaza ndi magazi a zimbalangondo, a akapolo ndi a anthu olandidwa dziko amatchedwa ndi dzina lonena za kufatsa. Komatu dzinali silinama kwenikweni. Limangosiya funso limodzi losayankhidwa, loti dzanja limene galuyo wazolowera ndi la yani, ndipo mwini dzanjalo akuloza ndani.

Mbiri zimene mabungwe a oweta agalu amalemba zimafanana ndi mbiri za maufumu zimene zimakambidwa pa mkangano wa mpando: aliyense amafuna kuti mzere wa makolo ake ukathere kwa munthu wotchuka. Kholo lotchuka la agalu a mastiff amati ndi galu wa Amolosi, anthu amene ankakhala ku Epirus, kumpoto chakumadzulo kwa Greece, kumene kunachokera Olympias, mayi wake wa Alexander Wamkulu. Agaluwa analipodi. Aristotle analemba kuti mwa agalu a Amolosi, osakira nyama sankasiyana ndi agalu a kwina, koma olondera nkhosa ankaposa anzawo pa msinkhu ndi pa kulimba mtima polimbana ndi zilombo. Chimene palibe ndi umboni wolumikiza agalu amenewo ndi mtundu wina uliwonse wa lero. Pakati pawo pali zaka zoposa 2,000 zimene palibe ankalemba kuti galu uyu wabereka uyu.

Nkhani zina za m'mibadwo imeneyo zinachita kubadwira m'mabuku. Kwa zaka zambiri olemba za agalu akhala akubwereza zoti Aroma anaika nduna yapadera mu mzinda wa Winchester yoyang'anira ntchito yotumiza agalu omenyana ku Rome. Ndunayo sinakhaleko. Inatuluka m'cholembera cha akatswiri a m'zaka za m'ma 1500 amene anawerenga molakwika liwu limodzi la m'chikalata cha Aroma chotchedwa Notitia Dignitatum. Pamene chikalatacho chinkanena za woyang'anira nyumba yowomberamo nsalu, iwo anaonapo woyang'anira agalu osakira, poti mawu awiriwa amasiyana zilembo zowerengeka chabe. Chodziwika bwino n'chimene Strabo analemba, chakuti mwa katundu amene Britain inkatumiza kunja munali tirigu, ng'ombe, golide, siliva, chitsulo, zikopa, akapolo ndi agalu osakira.

Mwa olemba onse a ku Rome, amene ananena zomveka pa za chibadwa ndi Columella, katswiri wa zaulimi wa m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa. Iye analangiza kuti galu wolondera pakhomo akhale wakuda, kuti wakuba amuope masana ndipo asamuone usiku, koma galu wa nkhosa akhale woyera kuti mbusa asamusokoneze ndi mmbulu kukamada. Anawonjezera kuti galu wapakhomo asakhale wofatsa kwambiri kapena wolusa kwambiri, chifukwa wofatsitsa amanyambita ndi wakuba yemwe pamene wolusitsa amaluma ndi eni nyumba omwe. Oweta agaluwa akhala akulimbana ndi muyezo umenewu kuyambira pamenepo, ndipo mtundu uliwonse wa mastiff unaupendeketsera kumene ntchito yake inkafuna.

Ku England galuyu amaonekera bwino koyamba m'malamulo, ndipo amaonekera ngati wokayikiridwa. Nkhalango zambiri zinali za mfumu, nyama zake zinalinso za mfumu, koma anthu wamba okhala m'nkhalangomo ankafunika agalu owalondera. Pangano la za nkhalango la m'chaka cha 1217 linalamula kuti agalu oterewa azidulidwa zikhadabo zitatu za phazi lakutsogolo kuti asathe kuthamangitsa mbawala, ndipo wopezeka ndi galu wosadulidwa ankalipa mashiling'i atatu. Mlimi ankaloledwa kukhala ndi galu wogwetsa wakuba, malinga galuyo akhale wopunduka pamaso pa nyama za mfumu. Patapita zaka zoposa 300, m'chaka cha 1570, sing'anga John Caius wa ku Cambridge analemba buku la Chilatini lofotokoza agalu a ku Britain. Iye anati mastiff ndi galu wamkulu, woopsa maonekedwe, amene ankamangidwa ndi unyolo masana n'kumasulidwa usiku, ndipo anati atatu ankakwanira kulimbana ndi chimbalangondo, anayi ndi mkango. Sizinali zongoyerekezera. Ku Southwark, kutsidya kwa mtsinje wa Thames, kufupi ndi nyumba zimene munkachitika masewero a Shakespeare, kunali mabwalo kumene anthu ankalipira kuti aonere agalu akukhadzulana ndi chimbalangondo kapena nkhunzi yomangidwa pachikhomo. Masewerawa analetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1835.

Kuletsedwako n'kumene kunaumba mastiff wa ku England wa masiku ano. Ntchito ya m'bwalo itatha, galuyu anasanduka chokongoletsera nyumba za anthu olemera. Chionetsero choyamba cha agalu chinachitikira ku Newcastle m'chaka cha 1859, bungwe la Kennel Club linakhazikitsidwa mu 1873, ndipo bungwe la oweta mastiff mu 1883. Kuyambira pamenepo galu ankasankhidwa poona kukula kwa mutu, kulemera kwa thupi ndi kudekha pakati pa khamu la anthu, popeza galu woluma woweruza sangapate mphoto. Nkhani zokometsera zinabweranso, monga ya banja la Legh la ku Lyme ku Cheshire, limene linkati agalu ake ndi zidzukulu za galu wamkazi amene anaimirira pambali pa mbuye wake wovulala pa nkhondo ya Agincourt mu 1415. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse zinatsala pang'ono kuutheratu mtunduwu, chifukwa pa nthawi imene anthu ankagawana nyama mwa muyezo panalibe akanatha kudyetsa chigalu chotere. Pofika mu 1945 ku Britain kunatsala owerengeka, ndipo mtunduwu unadzukanso ndi agalu ochokera ku United States ndi Canada. Mastiff wa lero ndi galu wodekha, wokonda kugona, wosachedwa kukhumudwa akakalipiridwa, amene nthawi zambiri amaletsa mlendo pongoima pakhomo. Wina wotchedwa Zorba anayezedwa mu 1989 n'kupezeka wolemera makilogalamu 155.

Ntchito yolusa inagwera mphwake. M'zaka za m'ma 1800 eni minda ikuluikulu ku England ankalimbana ndi amphawi opha nyama mozemba, ndipo lamulo la mu 1828 linkalola kuti ogwidwa akusaka usiku ali gulu ndi zida athamangitsidwire kutsidya kwa nyanja. Munthu wodziwa kuti akagwidwa sadzaonanso kwawo sagwidwa mwaulemu. Choncho alonda a m'nkhalango anakweretsa mastiff ndi bulldog kuti apeze galu wothamanga, wosauwa, wokhoza kugwetsa munthu n'kumupanikiza pansi osamung'amba. Ankakonda a mawanga akuda poti saoneka mumdima. Uyu ndiye bullmastiff, amene Kennel Club inamuvomereza ngati mtundu pawokha mu 1924. Kusauwa kwake ndi kuima nji kwake zilipobe mpaka lero.

Za ku France ndi Italy n'zachidule, ngakhale eni ake amazitalikitsa. Dogue de Bordeaux anaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1863. Anali galu wa opha ng'ombe ndi olondera minda ya mpesa, ndipo lero amadziwika ndi kukakamira mbuye wake komanso kufa msanga, poti ambiri safika zaka zisanu ndi ziwiri. Mastiff wa ku Naples, amene amatchedwa galu wa asilikali a Roma, analembedwa m'kaundula posachedwapa. Mtolankhani Piero Scanziani anaona agalu a alimi pa chionetsero cha ku Naples mu 1946, anayamba kuwaweta n'kulemba muyezo wawo, ndipo mtunduwu unavomerezedwa mu 1949. Makwinya olendewera amene amabisa maso a galuyu, n'kumuchititsa matenda a zikope ndi a khungu, anachulukitsidwa ndi oweta a pambuyo pake. Columella sakanamuzindikira.

Ku Spain n'kumene nkhope ziwiri za galuyu zimaonekera poyera. Nkhope yoyamba ndi ya mastín wa abusa. Mu 1273 mfumu Alfonso X inavomereza bungwe la eni nkhosa lotchedwa Mesta, limene kwa zaka zoposa 500 linkayendetsa nkhosa za merino chaka ndi chaka kuchokera ku mapiri a kumpoto kupita ku madambo a Extremadura ndi kubwerera. Malinga ndi Julius Klein, amene anafalitsa mbiri ya bungweli mu 1920, gulu la nkhosa 1,000 linkayenda ndi agalu asanu, ndipo galu aliyense ankalandira chakudya chofanana ndi cha mbusa. M'khosi ankavala mkombero wa misomali woteteza ku mano a mimbulu. Galu wotere sadikira kulamulidwa. Amagona masana ngati waulesi, amadzuka usiku, amasankha yekha choyenera kuuwa, ndipo mwambi woti galu wamkota sakandira pachabe umamukwana bwino. Anthu a m'tauni amene amamugula lero amadandaula kuti ndi wosamva, pamene kusamvako ndiye kunali ntchito yake.

Nkhope yachiwiri inawoloka nyanja. Asilikali a ku Spain amene analanda maiko a ku America anatenga agalu akuluakulu a mitundu ya alano, mastín ndi lebrel, n'kuwaphunzitsa kusaka anthu. Chisipanishi chinafika pokhala ndi liwu lakelake, aperrear, lotanthauza kuponyera munthu kwa agalu. Mayina a ena mwa agaluwa anasungidwa m'mabuku pamene mayina a anthu amene anawapha anatayika. Becerrillo anatchuka ku Puerto Rico, ndipo mwana wake Leoncico, galu wa Vasco Núñez de Balboa, ankapatsidwa gawo la golide wolandidwa monga msilikali. Mu 1513, ali pa ulendo wodutsa Panama kupita ku nyanja ya Pacific, Balboa anaponyera kwa agalu anthu pafupifupi 40 a ku Quarequa. Wansembe Bartolomé de las Casas anadzudzula nkhanzazi m'buku lake lofalitsidwa mu 1552. Ku Brazil, dziko limene linathetsa ukapolo mochedwa mu 1888, eni minda anali ndi galu wawo, fila brasileiro, wogwira ng'ombe, nyama zolusa ndi akapolo othawa. Dzina lake likuchokera ku mneni wa Chipwitikizi wotanthauza kugwira osataya. Oweta fila amatamanda khalidwe limene amalitcha ojeriza, kudana ndi munthu wachilendo, ndipo ena mwa iwo amaliyesa pa mpikisano. Kawirikawiri satchula kuti mwa alendo oyamba amene galuyu anaphunzitsidwa kudana nawo munali Aafirika, ena a iwo otengedwa ku Angola ndi Mozambique. Lamulo la ku Britain la mu 1991 linaletsa fila pamodzi ndi tosa wa ku Japan, galu womenyana amene anapangidwa ku chilumba cha Shikoku m'zaka za m'ma 1800 pokweretsa agalu a komweko ndi mastiff, bulldog ndi agalu ena a ku Ulaya, n'kuzoloweretsedwa kumenyana mwakachetechete.

Kum'mwera kwa Africa kuno nkhaniyi ili ndi mutu wakewake, ndipo dzina lake ndi boerboel, galu wa mlimi m'Chiafrikaans. Oweta amayambira mbiri yake kwa Jan van Riebeeck, amene amati anafika ku Cape mu 1652 ali ndi galu woluma ng'ombe. Amatchulanso agalu a bullmastiff amene kampani ya De Beers inaitanitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kuti azilondera migodi ya dayamondi. Chotsimikizika n'chakuti pa mafamu a Mabuno panali agalu akuluakulu osakanizika, olimbana ndi anyani, afisi ndi akambuku, ndiponso kuti bungwe loyamba la oweta boerboel linakhazikitsidwa mu 1983, pamene anthu ochepa anayamba kuyendera mafamu kusankha agalu oti alembedwe m'kaundula. Chakacho n'chofunika kuchiyang'anitsitsa. Mtunduwu unabadwa pa nthawi imene ulamuliro wa tsankho unali kugwedezeka, ndipo unatchuka m'zaka zotsatira pamene mantha a umbanda anamangitsa mipanda italiitali. Buku lotchedwa Canis Africanis, lokonzedwa ndi Lance van Sittert ndi Sandra Swart n'kufalitsidwa mu 2008, linaonetsa momwe agalu a m'chigawo chino anasenzetsedwera mbiri za eni ake: ridgeback, amene muyezo wake unalembedwa ku Bulawayo mu 1922, kukhala wa atsamunda a ku Rhodesia, boerboel wa Mabuno, ndipo galu wakumudzi kutchedwa wachabechabe woyenera kuphedwa kapena kukhometsedwa msonkho. M'chaka chomwecho cha 1922, anthu a mtundu wa Bondelswarts kum'mwera kwa Namibia anaukira boma, mwa zifukwa zina chifukwa cha msonkho wa agalu amene ankasakira nawo nyama, ndipo boma la South Africa linawaponyera mabomba pa ndege n'kupha anthu oposa 100.

Lero boerboel sasankha khungu la mbuye. Amapezeka kuseri kwa mipanda ya njerwa ku Johannesburg, Harare, Lusaka ndi Lilongwe, ndipo amene amakumana naye maso ndi maso nthawi zambiri ndi mlonda, wantchito wa m'nyumba, wowerenga mita ya madzi kapena mwana wa pa nyumba yoyandikana. Ndi galu wodzidalira, wokonda a m'banja mwake, wosalola mlendo m'malire ake, ndipo wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 60. Dziko la Denmark linamuletsa mu 2010, pamene bungwe la American Kennel Club linamuvomereza mu 2015.

Apa funso la chibadwa liyenera kufunsidwa mosapita m'mbali. Mu 2022 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa Kathleen Morrill, Elinor Karlsson ndi anzawo, wokhudza agalu oposa 18,000, amene anapeza kuti mtundu wa galu umafotokoza pafupifupi 9 peresenti yokha ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu. Okonda agaluwa analandira zimenezi ndi manja awiri, ponena kuti galu woipa kulibe, koma mbuye woipa. Ali ndi mfundo, koma si yonse. Kafukufukuyo anadalira mayankho a eni agalu apakhomo, makamaka ku United States, osati agalu oweteredwa dala ukali n'kukulira pa unyolo. Ndiponso ngakhale zitakhala kuti mastiff saluma kawirikawiri kuposa kagalu kakang'ono, bala la galu wolemera ngati munthu wamkulu silingafanane ndi la kagaluko. Malamulo oletsa mitundu amaphonya poweruza galu ndi dzina, koma otsutsa malamulowo amaphonyanso akamaiwala sikelo.

Galu amene kwa nthawi yaitali ankatchedwa kholo la onse ndi wa ku Tibet. Marco Polo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, anati anthu a kumeneko anali ndi agalu aakulu ngati abulu, ndipo mu 1847 Lord Hardinge anatumizira Mfumukazi Victoria mmodzi kuchokera ku India. Azungu anamutcha mastiff poona msinkhu, n'kuganiza kuti agalu onse akuluakulu anatsika kuchokera ku mapiri amenewo kudzera ku Asuri ndi Greece. Eni ake amamutcha do-khyi, galu womangidwa, chifukwa amakhala pachingwe pafupi ndi hema masana n'kumasulidwa usiku. Kafukufuku wa DNA wa mitundu 161 ya agalu, wotsogozedwa ndi Heidi Parker ndi Elaine Ostrander n'kufalitsidwa mu 2017, anaika mastiff wa ku England, bullmastiff, bulldog ndi boxer m'banja limodzi la ku Ulaya, koma galu wa ku Tibet anapezeka kutali, pakati pa agalu a ku Asia. Zikuoneka kuti anthu a m'madera osiyana, atakumana ndi vuto limodzi la zilombo ndi akuba, anaumba galu wofanana kangapo konse popanda kubwerekana. Chimene galu wa ku Tibet anabwereka anachitenga kwa mimbulu ya m'mapiri momwemo: mtundu wa jini yotchedwa EPAS1, umene umathandiza thupi kupirira mpweya wochepa wa pamwamba pa mapiri. Anthu a ku Tibet nawonso ali ndi mtundu wawo wa jini yomweyi, umene anaulandira kwa anthu amakedzana otchedwa Denisovan. Galuyu amasiyananso ndi anzake poti wamkazi amabereka kamodzi kokha pachaka, ndipo khalidwe lake ndi la mlonda wodzilamula: wosakonda kusewera ndi alendo, wouwa usiku wonse, womvera pamene wafuna.

Chuma cha China chitakwera, galuyu anasanduka chizindikiro cha kulemera. Mu 2011 manyuzipepala analemba kuti wina wofiira anagulidwa pa mtengo wa mayuan 10 miliyoni, ndipo mu 2014 winanso pa 12 miliyoni, ngakhale kuti mitengo ina yotere ankaikokomeza ndi ogulitsa omwe. Oweta anachulukana, n'kumasankha agalu a ubweya wambiri ndi mitu yonga ya mkango amene sakanatha kutsata ziweto tsiku limodzi. Posakhalitsa msika unagwa. Ogula anapeza kuti galu wa m'mapiri sakhalika m'nyumba yosanja, mizinda yambiri inaletsa agalu akuluakulu, ndipo nkhondo ya boma yolimbana ndi katangale inachititsa kuti mphatso zodula zikhale zoopsa kulandira. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inalemba za agalu pafupifupi 20 a mtunduwu amene anapulumutsidwa pa lole yopita kophera nyama, kumene mtengo wawo ukanakhala pafupifupi madola asanu mmodzi. Ambiri anangotayidwa. M'chigawo cha Qinghai magulu a agalu opanda mwini anayamba kuzungulira midzi ndi nyumba za amonke, kumene amapatsidwa zotsala, n'kumaluma anthu, kugwira ziweto ndi kulimbirana nyama ndi akambuku a m'chipale chofewa.